Zala Ziwiri za Atate

Atate anga anali ndi zala zitatu kudzanja lamanja. Ziwirizo zinadyedwa ndi makina opindira zitsulo pa fakitale ina ku Chipata, kumene ankasula makasu ndi mapulawo ine ndisanabadwe. Anzawo a pantchito ndiwo anatola zalazo, n'kuzikulunga m'kansalu ka ovolosi, n'kuziika m'chitini cha girisi. Anakazikwirira patsinde pa mkuyu kuseri kwa ng'anjo, poti chiwalo cha munthu satayira agalu.

Fakitaleyo inafa kalekale. Chaka chatha, matenda a shuga atawafooketsa, atate anayamba nyimbo imodzi: akufuna zala zawo. "Ndikalowe m'manda ndili wathunthu," ankatero. Ine ndinkawaseka kuti akufuna kukalimanso thonje kumwambako, koma nkhalamba ikauma mutu yaumadi. Loweruka lina tinakwera minibasi kuchokera ku Chiparamba, iwo atabisa kakhasu m'thumba la feteleza.

Ndinkayembekeza kupeza tchire ndi malata adzimbiri. Tinapeza geti lopakidwa bwino, kapinga wometedwa, ana akuuluka pa katungwe. Pamalopo anasandutsapo paki! Makina aja anawaluma atate anali pakati pa maluwa, atawapaka utoto wachikasu, ndipo akwati ena anali atatsamirapo kujambulitsa. Mkwatibwi anapisa dzanja lake, la zikhadabo zogula, m'kamwa mwenimweni mwa makinawo. 

"Chotsa dzanja, iwe!" atate anakuwa.

Anthu a ukwatiwo anangofa nacho chiseko. Ankayesa kuti mkuluyu walawa.

Mkuyu tinaupeza, koma patsinde pake anali atawakapo simenti n'kuikapo benchi. Atate anayamba kugogoda simentiyo ndi ndodo yawo, apa ndi apo. Posachedwa mlonda wa pakiyo, bambo wonenepa wooneka wokonda nkhani, anatulukira.

"Mwataya chiyani, madala?"

"Apa munakumbapo?" atate anafunsa.

"Iii, apo musanene! Tinaona malodza. Tikufuna kuthira silabu, anyamata anafukula chitini. Kutsegula, mafupa a zala za munthu, zokulunga bwinobwino! Eni fakitale ankakhwimira, madala. Anthu akale anali oipa mtima."

"Ndiye munatani nazo?" ndinafunsa ine.

"Ntchito inaima, mayi. Palibe anafuna kugwiranso fosholo. Tinaitana abusa, anapemphera mpaka mawu kusasa. Kenako tinathira petulo n'kuyatsa. Phulusa tinakataya kumtsinje uko kuti lipite kutali."

Ankafotokoza monyadira, ngati munthu amene wapha njoka m'nyumba. Ine mtima unandiwira, ndipo ndinafuna kugwira dzanja la atate ndilikweze pamphuno pake, aione bwino mfiti yakeyo. Koma dzanjalo sindinalipeze. Atate, amene moyo wawo wonse ankapereka nalo moni kwa aliyense, n'kumachita nalo chizindikiro cha mtanda kutsogolo kwa mpingo wonse, anali atalilowetsa m'thumba la jekete. Zimenezo zinandiwawa kuposa petulo uja.

"Munachita bwino," anamuuza mlondayo chapansipansi.

Tinatuluka pageti. Tili pa siteji kudikira minibasi, anandifunsa osandiyang'ana.

"Mwananga, iwe unaphunzira. Madzi a mtsinje umenewu amathera kuti?"

Ndinawauza kuti amakagwera mu Luangwa, Luangwa n'kukathira mu Zambezi, Zambezi mpaka kunyanja yamchere, kutali kumene iwo sanafikeko.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Basi, tsiku louka akufa ine ndidzachedwa. Udzawauze amako andidikire."