Kansalu ka Jekete pa Khosi la Adzatopa

Ndikukumbukira nyumba ya antchito ya ku Area 3 imene tinkakhalamo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anga ankasamalira maluwa kwa mkulu wina wa m'boma, ndipo pabwalopo pankamveka fungo la udzu wongotchetcha kumene ndi la mankhwala osambitsira agalu, pakuti abwanawo anali ndi agalu atatu a mtundu. Ife tinali ndi mmodzi, wachikuda, wofiirira, wa nthiti zowerengeka, amene mayi anabwera naye kuchokera kumudzi. Dzina lake linali Adzatopa.

Amalume anga a Lameki, alongo awo a mayi, anali telala pakhonde la sitolo ina ku Area 1. Iwo sankayamikira chovala asanatembenuze kolala ndi kuwerenga kansalu kolembedwa dzina la amene anachipanga. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankabwera kwathu atavala jekete yawo yakuda, n'kuyamba kutifotokozera za agaluwo ngati makampani. Alisesheni, iwo ankati, ndi kampani ya alonda, ndipo lonjezo lake ndi lakuti sitigona. Buludogi wa masaya olendewera ndi kampani ya zomatira: tikagwira sititaya. Kagalu kaubweya ka adona ndi sitolo ya zokongoletsa, yophunzitsa kuti ntchito ndi ya ena. Nditawafunsa za Adzatopa, anandiyankha kuti ameneyo ndi nsalu yopanda dzina, yosang'ambika koma yosadziwika kumene inachokera. Onse anaseka. Ine ndinazisunga mumtima.

Chaka chimenecho kunabuka chiwewe, ndipo kunalengezedwa kuti galu aliyense wopezeka panja wopanda chizindikiro adzawomberedwa. Bambo ankaganiza kuti katemera ndi wa agalu a mabwana okha, choncho anangoti tim'mangirire kuseri kwa khola la nkhuku. Koma Adzatopa anali asanaonepo chingwe chimene mano ake anachilephera. Ine ndinayang'anitsitsa agalu atatu aja, ndipo ndinaona kuti aliyense anali ndi kachitsulo kolembedwa pakhosi. Sindinadziwe kuti kanali ka katemera. Ndinatsimikiza mwa ndekha kuti ndi dzina la kampani yawo, ndi kuti galu wanga adzafa chifukwa chosowa kampani.

Lamlungu lotsatira amalume anakoloweka jekete pamsomali n'kukagona pansi pa mtengo wa mango. Ndinatenga lezala la bambo. Ndinkadziwa kuti ndikupalamula, pakuti kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo chovala chake sichikhudzidwa ndi mwana. Komabe ndinadula kansalu ka pakolala ya jeketeyo bwinobwino, ndinakasokerera pa kachidutswa ka chitenje, n'kumumanga galu pakhosi.

Lachiwiri m'mawa galimoto inaima pageti, ndipo munatsika amuna awiri ovala khaki, mmodzi ali ndi mfuti. Adzatopa anali atadula kale chingwe, akuwothera dzuwa mumsewu. Ndinathamanga n'kumukumbatira, ndipo ndinamva mtima wake ukugunda pamodzi ndi wanga. Kenaka ndinaloza pakhosi pake. Wamkulu wa awiriwo anawerama, anawerenga kwa nthawi yaitali, kenaka anatembenukira mnzake nkhope ili yosaseka.

"Tsitsani mfuti, achimwene. Galuyu ndi wa ku Mangalande, ndipo akuti tisamuchape ndi madzi otentha."

Bambo anafika ali ndi chodulira maluwa m'manja, akupepesa asanadziwe n'komwe mlandu. Wamkulu wovala khaki uja anawauza kuti jakisoni ndi waulere ndipo safunsa mtundu wa galu. Apite naye tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu. Galimoto itachoka, ndinakhala pansi m'fumbi momwemo. Madzulo ake Adzatopa anabwera ndi kachitsulo kake kenikeni.

Panatsala mlandu wa jekete. Mayi anakana kundilankhulira, nati amene wadula ndiye akagwade. Ndinagwada pamaso pa amalume n'kupereka kansaluko ndi manja awiri. Anakatembenuza uku ndi uku, ine ndikudikira mkwapulo.

"Jekete yopanda dzina imafundabe, mphwanga," anatero. "Koma masokedwe awa akuchititsa manyazi banja la telala. Loweruka ubwere pakhonde ndidzakuphunzitse."

Jeketeyo anaivala yopanda dzina mpaka pamene anatisiya, ndipo Adzatopa anafa ndi ukalamba, mano atamuthera.

Masiku ano mdzukulu wanga wa ku Area 15 amasankha agalu pafoni monga momwe amasankhira nsapato, ndipo amanditchulira mayina a mitundu amene lilime langa silingawakwanitse. Uyu ndi wolemekezeka, uyu ndi wa banja, uyu ndi woopsa. Zimene amalume ankanena mwanthabwala, anthu tsopano amazinena ali ndi nkhope yeniyeni. Ndimamvetsera mpaka amalize, pakuti ndi mwana wa mwana wanga. Akamaliza ndimafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi galuyo anabayidwa katemera. Akavomera, mtima wanga umakhala pansi monga unakhalira m'fumbi muja.