Aneba Athu ndi Kasensa Konama

Aneba athu kuno ku Wolverhampton ndi bambo achikulire, anapuma pantchito yokonza mabasi. Sakupatsa moni asanamvetsere kulira kwa injini yako, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Yezani kaye."

Mu Julaye, nthawi yotentha kuno, eyakoni yoziziritsa m'galimoto yathu inasiya kuzizira, khanda langa Twambilile mpaka kutuluka totupa ta thukuta. Ndinagula chitini cha gasi wa eyakoni kuti ndiwonjezere ndekha. Bambowo anachita kundilanda.

"Amake Twambi, mukufuna kuphulitsa mapaipi?"

Atayeza, gasi anali wodzaza! Chonsecho kasensa koyeza gasiyo kanali katachita dzimbiri ndi mchere umene amathira m'misewu kuno nthawi yachisanu kuti musaterere, n'kumanamiza galimoto kuti gasi watha, galimotoyo n'kuzimitsa eyakoni. Anakakwecha ndi mswachi wakale. Kamphepo kozizira katayamba, mwana anagona tisanachoke n'komwe pakhomo.