Disiki Yam'munsi

Pansi pa masitepe a nyumba ya masitolo, pakati pa telala ndi wodula makiyi, pali kachipinda ka bambo wokonza makompyuta. Onse amamutcha Tiyesekaye, chifukwa ngakhale umubweretsere makina opsa ngati chikuni, yankho lake ndi lomwelo. Ndi munthu wosamala mpaka kutopetsa. Asanafufute chilichonse, amayamba wachotsa disiki yosungira zinthu za mwiniwake, kuimata tepi yofiira n'kuiika pashelefu. Telala amamuseka kuti amasamala madisiki kuposa mano ake.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mkazi wa malemu achimwene ake, atanyamula kompyuta yokulunga m'nsalu. Inali itasiya kuyaka. Ukaiyatsa, inkangoonetsa mawu oyera pagalasi lakuda, akuti fayilo ina yoyambitsira makina yawonongeka.

"Alamu, zina zonse zipite, ndilibe nazo ntchito," anatero mayiyo. "Koma muli mawu a achimwene anu, aja ankajambula akudwala. Ndimawamvera m'mawa uliwonse."

"Musadandaule, alamu. Kompyuta iyi ndinaimanga ndekha."

Ndipo sankanama. Ankaidziwa ngati thumba la buluku lake: disiki yam'mwamba ya pulogalamu yoyendetsa makina, yam'munsi yosungira zinthu. Mlamu atapita, anazula yam'munsi osaiyang'ana n'komwe, n'kuimata tepi. Yam'mwamba anaifufuta yonse, n'kuikamo pulogalamu yatsopano. Makina anayaka bwinobwino, iye mpaka kaluzu.

Atabwezeramo ya tepi ija n'kuyatsanso, galasi linangoti bii! Mawu oyera aja ndi awo, fayilo yomwe ija.

"Aa, iwe, usandichititse manyazi," anailankhula kompyutayo. Anasintha nthambo, anapukuta fumbi, anazimitsa n'kuyatsanso. Ayi ndithu, uthenga womwewo. Wodula makiyi anasuzumira. "Bwanji achimwene, lero yakukanani?" Tiyesekaye anawerenganso uthenga wa pagalasi uja. Pulogalamu yatsopano ingadandaule bwanji za fayilo yakale, pomwe yakaleyo waifufuta ndi manja ake?

Anazula disiki ya tepi n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Mayo ine! Munali pulogalamu yakale yowonongeka ija basi. Apa m'pamene anakumbukira kuti achimwene ake sankapirira fumbi. Ankamasula makinawo n'kumapukuta chilichonse ndi kansalu. Tsiku lina pobwezera ayenera kuti anasinthanitsa madisiki. Ndiye kuti wasunga mosamala chinthu chakufa, n'kufufuta mawu a m'bale wake.

Anathamangira kukazula pulagi kukhoma, poti makina akamayaka amalemba zatsopano pamwamba pa zofufutidwa. Kenako anangokhala pampando. Anachita mantha, komanso anadzida. Kwa alendo amatsegula disiki n'kuonamo kaye, koma pa ya m'bale wake anangodalira mutu wake.

Madzulo mlamu anatulukira pakhomo, mahedifoni ali kale m'manja, akumwetulira.

"Alamu, achimwene anu ayamba kulankhula?"

Telala anaimitsa makina ake osokera, kudikira yankho la masiku onse lija kuti aseke.  Koma Tiyesekaye anaimirira, nakoka mpando wake womwe sapatsa munthu aliyense.

"Alamu, takhalani pansi," anatero.