Tsiku Limene Ndinaperekeza Mayi Consolata

Mayi Consolata sakhulupirira foni. Amati pa foni aliyense ali bwino, ngakhale amene wagonekedwa m'chipatala. N'chifukwa chake amayenda.

Galimoto yawo kale inali matatu, minibasi yonyamula anthu pakati pa Eastleigh ndi m'tauni ku Nairobi. Malemu amuna awo, a Reinford, anali makaniko pa bungwe lina la mpingo. Atapuma ntchito anaigula itatheratu, n'kuzula mipando yonse kupatula ya kutsogolo. Kumbuyo anaikako bedi, kabati ya mbale, sitovu ya gasi ndi chigubu cha madzi chokhala ndi kampopi. Makatani anasoka okha mayiwo ndi zitenje zakale za kutchalitchi. Anayenda awiri zaka zisanu. Bambowo atamwalira anthu anati aigulitse, koma iwo anakaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka 61. Mayeso analephera kawiri, ndipo amanena zimenezi monyadira.

Chaka chilichonse amatsika kumudzi kudzera ku Arusha, Iringa, Mbeya, Karonga mpaka Kasungu, ndipo paliponse pali mnzawo wakale woti amuone. Sagona m'nyumba ya munthu. Amati akabwera ndi bedi lawo palibe mwana amene amachotsedwa pogona chifukwa cha iwo, ndiye anthu satopa nawo.

Ku Kasunguko kuli mayi anga, amene anaphunzira nawo pulayimale. Ulendo wathawu mayi anawauza kuti, "Watipa wanga akuti ali bwino ku Nairobiko, koma mawu ake achepa."

Ine sindinkadziwa zimenezi. Ndinali nditakhala zaka ziwiri ku Kangemi ndi Edmond, mwamuna wanga. Panja ndi munthu woseka, wothandiza kutchalitchi. M'nyumba ndinaphunzira kudziwa za tsikulo pongomva mmene walowetsera kiyi pachitseko. Mayi anga akaimba foni, iye ankakhala pambali panga. Mlungu umene Mayi Consolata anabwera, Edmond anandikankha ndili ndi Lusekero kumbuyo, mwana wa miyezi isanu ndi itatu, mutu wake n'kuphonya khoma pang'onong'ono. Kuyambira tsiku limenelo pasipoti yanga ndi mapepala a mwana ndinazibisa pansi pa matewera m'kachikwama kake, chifukwa Edmond thewera sankaligwira. Koma kopita ndinalibe.

Loweruka m'mawa tinamva odi wa Chichewa. Pakhomo panaima mayi wamfupi, wovala nsapato zothamangira, magalasi akulendewera pachingwe, m'manja muli jumbo ya mtedza wa kwa mayi anga.

"Amayi, takulandirani!" anatero Edmond, mano onse panja.

"Ndinu a Edmond? Kamimba aka munabwera nako, kapena ndi ka chapati cha konkuno?"

Edmond anaseka mpaka kugwira chitseko.

Kunkatentha, koma ine ndinali mu juzi ya manja aatali. Nditagwada kuti ndiwasambitse m'manja, dzanja la juziyo linakwera, mabala n'kuonekera. Anayang'ana mkono wanga, kenako nkhope yanga, n'kutembenukira kwa Edmond kumufunsa za mpira. Ndinaganiza kuti sanaone, kapena aona n'kusankha kusaona monga ankachitira ena. Anamwa tiyi makapu awiri, Lusekero ali pamiyendo pawo, akusimba za tayala limene linawaphulikira ku Iringa.

Kenako anatsanzika. "Galimoto ndaisiya kumsewu waukulu, m'tinjira tanu tino singalowe."

"Ndikuperekezeni," anatero Edmond akufuna nsapato.

"Inu? Mlendo wa mkazi aperekezedwe ndi mwamuna, mkazi ali pompo? Kwanu amatero? Khalani pansi. Andiperekeze mwana wa mnzangayu, ndili ndi malangizo a chizimayi oti ndimuuze. Ana a masiku ano sadziwa kusamala bambo."

Mawu amenewo anamukomera Edmond. Anakhala. Koma ndikutenga chitenje anati, "Mwanayo umusiye."

Ndinayang'ana kachikwama ka mwana kaja.

"Eya, amusiye," anatero Mayi Consolata, n'kumuika Lusekero pamiyendo ya bambo ake. "Kungoti wadzichitira, simukumva? Mumusinthe msanga asasupuke."

Edmond anamunyamula ngati mbale yotentha. "Mtenge, mtenge."

"Utengenso kachikwama kakeko, tikamusinthire m'galimoto. Muli madzi."

Sindinawauzepo za kachikwamako. Pambuyo pake nditawafunsa anati ayi, sankadziwa zimene zinalimo, anangoona kuti maso anga sankachokapo.

Tinadutsa pa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma, tikupatukira njinga zamoto. Ine ndinkangocheuka. Galimoto inaima pafupi ndi pomwetsera mafuta m'mbali mwa msewu wa Waiyaki Way, yoyera, yopindika bampala. Anamugoneka Lusekero pabedi n'kumusintha okha, mosafulumira, akumuimbira. Atatha anasamba m'manja pa kampopi kaja n'kundiyang'ana.

"Woperekeza amabwerera pano. Ukabwerera sindikuona ngati wopusa, ndipo ndidzabweranso. Ukakwera, sindikufunsa kanthu kufikira utafuna wekha kunena."

Ndinayang'ana kanjira kolowera kwathu. Ndinaganiza za mbale zimene ndinasiya zosatsuka, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Kenako ndinaona mwana wanga atagona chagada pabedi la munthu amene ndinamudziwa m'mawa womwewo, akuseweretsa katani. Ndinakwera n'kukoka chitseko ndekha.

Amayendetsa pang'onopang'ono, chibwano chili pafupi ndi chiwongolero. Makondakitala a m'maminibasi ankawakuwiza, iwo n'kumawayankha m'Chiswahili chimene sindingalembe pano. Ine mumtima ndinkati tithamange, tituluke mu Nairobi. Ndiye ndinangoona akukhotera ku Pangani, dera la mu Nairobi momwemo.

"Amayi, tikuima? Atipeza!"

"Lenah sindimudutsa. Zaka 30 sindinamudutsepo."

Ndinalira. Ndinkaona ngati mayiwa aika macheza patsogolo pa moyo wa mwana wanga. Koma Mayi Lenah, Mkenya amene ankaphika nawo limodzi kunyumba ya alendo ya mpingo, ndi amene amalandira azimayi othawa nkhanza ku parishi yawo. Masana omwewo anandiperekeza kuchipatala kuti mabala alembedwe, mawa lake kwa oona za ana, kuti wina asadzanene kuti ndinaba mwana. Ndikanathamangira kumalire monga ndinkafunira, oyang'anira malire akanandibweza.

Tsopano ndatha milungu itatu kwa Mayi Lenah, tikudikira kuti nkhani ya mwana iweruzidwe. Mayi Consolata anayenera kukhala ali ku Arusha, koma galimoto ili pabwalo la fulatiyi, ndipo chipinda akuchikanabe. Edmond anawaimbira kasanu ndi kawiri. Anayankha kamodzi: "Bambo, ine nkhani za pa foni ayi."

Dzulo ndinalankhula ndi mayi anga pa foni popanda Edmond pambali, koyamba m'zaka ziwiri. Ndinakhala pakhomo la galimoto, Mayi Consolata akusenda mbatata mkatimo. Mayi anafunsa kuti ndili bwanji, ine n'kuti ndili bwino. Koma mawu amenewo anali atawamvapo kambirimbiri.

Mayi Consolata anasuzumira pa katani n'kukuwa kuti amve ku Kasungu: "Iwe, ulendo uno akunena zoona! Ndamuona ndi maso anga, wadya mbale ziwiri!"