Mono wa Atate, Manja Anga

Anthu a bungwe lotukula midzi ya asodzi anafika kwathu pa mota, njinga zamoto zija, kuchokera ku Furancungo, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anabwera ndi zithunzi za kunyanja yamchere: mabwato a matanga, amayi akuyanika nsomba, anyamata akuvina pamchenga. Anati kumeneko midzi inadzuka chifukwa chosunga luso la makolo, ndipo nafenso tingathe. Tinangoyang'anana. Ife mtsinje wathu timawoloka osakwinya n'komwe chitenje.

Atafunsa ngati alipo wodziwa kuluka mono, zala zonse zinaloza kwa atate. Anali okhawo otsala. Kale, mtsinje usanakwiririke ndi dothi la m'madimba a kachewere, atate ankatchera miono yawo mvula ikayamba, ndipo matemba ndi milamba sizinkasowa pakhomo. Koma nthawi imeneyi n'kuti manja awo atachita dzanzi. Ankagwetsa kapu osadziwa. Tsiku lina anapsa ndi khala la moto, anazindikira ndi fungo.

Anavomera kuphunzitsa anyamata. Tsiku loyamba anabwera ambiri, anajambulidwa atagwira nsungwi, alendo n'kumapita. Mawa lake anabwera ochepa. Sabata isanathe panatsala nsungwi zosenga zokha, zitatsamira nkhokwe. Sindikuwanena anyamatawo, anali ndi kachewere wokumba, ndipo kachewere amagulidwa. Alongo anga nawo anali ku Tete, mafoni awo olira osayankhidwa.

Ine ndinali nditabwerera kwathu banja litatha, ndipo masiku amenewo sindinkamva kukoma kapena kuwawa kwa chinthu. Ndinkadzuka, kusesa, kuphika, kugona. Atate ankakhala pakhonde ndi mono wolukidwa theka, akulimbana kupisa kansungwi kamodzi, kakuwapulumuka. Ine ndinkasola nyemba chapatali. Kwathu mkazi sagwira mono, ngakhale kuulumpha. Amati nsomba zimauthawa. Amayi anamwalira asanaukhudzepo. Komabe maso saletsedwa, ndipo ndinakula ndikuonerera. Ndinkadziwa pamene chala chimapinda, ndi pamene luzi limamangidwa.

Mmawa wina kansungwi kanawacheka pachikhatho. Anaona magazi akudontha pathalauza, nawayang'ana ngati a munthu wina. Kenako anati, osandiyang'ana:

"Siya nyembazo. Gwira apa."

Ndinawakumbutsa za mwambo. Anati mwambo wa mono ukufuna mono, ndipo iwo akapita sipakhala choti mkazi achilumphe. Ndinagwira. Sindinasangalale, sindinaope. Nsungwi inali yozizira, basi.

Tinaluka masiku angapo, iwo pakamwa, ine manja. Anali aphunzitsi aukali. Ankati ndikukoka ngati ndikumanga mtolo wa nkhuni. Kakhomo kam'kati, kamene nsomba imalowera koma osatulukanso, anandimasulitsa mobwerezabwereza mpaka zala zinatupa. Oyandikana nafe ankadutsa n'kuchepetsa liwiro. Mayi wina anafunsa moseka ngati ndiyambenso kuvala thalauza. Ndinamuyankha kuti ndikapeza londikwana ndimuuza.

Mono utatha, a bungwe anatumiza uthenga kuti akuufuna kuchionetsero kuboma, akaupachike anthu aone. Atate anakana. Anati mono wouma ndi dengu chabe. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi: ngati mono wolukidwa ndi mkazi ungagwire. Ukapanda kugwira, mudzi unena kuti mwambo unali woona, ndipo palibe adzaugwirenso. Pamenepo n'kuti miyendo yawonso itayamba kukana, moti kumtsinje sakanafika.

Mvula itagwa ndinapita ndekha. Ndinasankha pamene madzi amapanikizika pakati pa miyala, ndinazika timitengo, n'kuloza kukamwa kwa mono kumunsi monga anandiuzira, poti nsomba zimakwera. Tsiku loyamba ndinaonjola matope ndi thumba la pulasitiki. Lachiwiri nkhanu. Ndikafika kunyumba sankafunsa; ankangoyang'ana chidebe, ine n'kuchivundikira pathandala.

Mmawa wina ndikuvuula ndinamva kuphiriphitha m'kati. Anali matemba ochepa, osakwana ndiwo za mwana. Ndinaima m'madzi kudikira kuti mtima udumphe. Sunadumphe. Ndinawaika m'chidebe ndi timadzi, n'kukwera mtunda.

Atate anali pamphasa. Ndinagwada, ndinatsegula dzanja lawo, n'kuikamo limodzi lamoyo. Linadzimenyamenya pachikhatho, pachipsera cha nsungwi chija. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Likugunda?" anafunsa.

"Likugunda, atate."

"Ndikuliona. Kumva sindikulimva." Kenako anati, "Tandigwira dzanjali, uzindiuza."

Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo, katemba kali pakati. Ndinkawauza nthawi iliyonse kakagunda, mpaka kanasiya.