Ndinafufuta chipilala cha bambo anga

Inu owerenga, ine ndinawalizapo bambo anga ondibereka. Sindinawatukwane ayi, ndinangofufuta kanthu kamodzi pa kompyuta.

Kwathu ndi ku Dzoole, koma ndimagwira ntchito ku Lilongwe, komwe timadula pulayiwudi ndi makina a leza. Umajambula chinthu pa kompyuta, makinawo n'kudula tizidutswa ndi kuwala kotentha, iwe n'kumata ndi guluu. Tsono chikondwerero cha tchalitchi chathu chitayandikira, akomiti anandipempha kuti ndipange kachifanizo ka tchalitchicho koti kadzatsogolere mdipiti wa zopereka. Ndinavomera modzimva kwabasi.

Tchalitchicho chili ndi chipilala chimodzi chonenepa, chokhota, chotsamira khoma la kum'mawa. Mbali inayo kulibe. Pa kompyuta chinkandinyansa, ndiye ndinangochifufuta. Kachifanizo kanatuluka kosalala bwino.

Nditafika nako kumudzi, anthu anayamikira, koma mwaulemu chabe. Bambo anga maso awo anachita ng'ala, amaona ndi manja. Anati ndiwapatse, n'kuyamba kupapasa khomo, mazenera, denga. Zala zitafika kum'mawa zinayenda uku ndi uku, kenako zinaima.

“Mwana wanga, chipilala chija anagwetsa?”

Mayi anandikokera kuseri n'kundiuza kuti chaka chomwe khomalo linang'ambika ndi mvula, ine ndili kumsana, bambo ndi anzawo a mumphakati ndi amene anaumba njerwa n'kulichirikiza ndi chipilalacho. Anzawowo onse anatsogola, otsala ndi bambo okha. Manyazi anandigwira. Munthu wosaona ndinali nditamunamiza kuti ntchito ya manja ake inagwa.

Akomiti ena anati ndizisiye, palibe adzazindikire. Ine ndinati zimenezo ayi. Itatha Misa ndinatenga tepi n'kuchiyeza chipilalacho kuyambira pansi mpaka pomwe chinakhotera, basi ulendo pa minibasi kubwerera ku Lilongwe. Kumeneko magetsi anali ozimazima. Pulayiwudi woyamba anapserera m'mbali, wina anapindika ndi chinyezi. Abwana ankandiseka kuti ndikudzivutitsa ndi kanthu kosaposa chala. Ndinawayankha kuti kanthu kameneko ndi thukuta la bambo anga, ndipo pamakinapo sindichoka mpaka katuluke.

Tsiku la chikondwerero, mdipiti usanayambe, ndinagwada n'kuika kachifanizoko pamiyendo pawo. Zala zinalunjika kum'mawa. Anachisisita chipilalacho kwa nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenako anaseka.

“Eya, chokhota chomwechi. Tinalibe levulo yowongolera ife.”

Tsono inu achinyamata anzanga a makompyuta, ndikupempheni. Musanawongole chinthu cha kwanu chifukwa chakunyansani, yambani mwafunsa amene anachikhotetsa. Ine ndinangochita mwayi, ndinakonza bambo akadali moyo. Anzawo aja sindinawapeze.