Bondo la Whiteson Pamaso pa Apongozi

Whiteson Tembo wayendetsa minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindinamumvepo akutukwana munthu, ngakhale kondakitala wake. Ndimamukonda, koma ulemu wake umatopetsa. Chikwatirireni mkazi wake Choolwe, akangoona apongozi ake, mayi Bertha, akubwera m'njira za dera la Estates ku Kafue, amapatukira m'ngalande n'kunjuta, maso pansi.

Chaka chatha anapeza ntchito imene ankailota, yoyendetsa lole ya kampani ina. Chotsala chinali chikalata cha kuchipatala, ndipo abwana ankachifuna tsiku lomwelo. Atalowa m'chipinda choyezera pa kiliniki, anapeza kuti woyeza anthu tsikulo ndi apongozi akewo, amene amagwira ntchito pakilinikipo.

Mayi Bertha anamugwira pamkono ndi zala zitatu, maso ali pa wotchi.

"Handiredi twente," anatero. "Imwe atate, mutima uthamangira kuti?"

"Nili na nsoni, amai."

"Nsoni zisiyeni panja. Muno nili pa nchito."

Anamusiya kuti apume, ndipo atawerenganso, mtima unali utatsika. Kenako anatenga kanyundo ka labala n'kumugogoda pansi pa bondo. Mwendo unangoti zii. Anagogodanso, osagwedezeka. Nkhope yawo inasintha, pakuti bondo losadumpha nthawi zina limanena za vuto la mitsempha, ndipo sakanasainira dalaivala wotero. Atayang'anitsitsa anaona kuti mkamwini wawo waumitsa mwendo dala, thukuta lili kamukamu.

"Mulimbisa mwendo chifukwa chani?"

"Ningachaye bwanji apongozi na nsapato?" anayankha Whiteson motsitsa mawu.

"Kolekani zala za manja, mudonse na mphamvu. Tsekani menso. Manje niuzeni mastesheni yonse kufika ku Lusaka."

Whiteson anayamba kutchula. Atangoti Shimabala, kanyundo kanagunda, mwendo unafwamphuka, nsapato n'kumenya mayi Bertha pamsongolo.

Whiteson, munthu wamkulu, anatsika pabedi loyezerapo n'kugwada pasimenti, akuomba m'manja, mtima ukumuuza kuti ntchito ndi ukwati zapitira limodzi. Koma mayi Bertha ankaseka mpaka misozi, osangalala ngati alandira mphatso.

"Mwendo uyu uzaponda buleki bwino," anatero akupukuta m'maso. "Nyamukani, mwana wanga, tikalibe kusiliza. Bweresani bondo inangu, nayo inichaye, nisaine."